Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Njira yodutsa pa malo a eni

Mu gawo lapitalo ndinalekezera pomwe ndinayamba ntchito ya usiku ku nyumba yosamalira okalamba ku Nottingham, ku England. Miyezi yoyambayo moyo wanga unali basi, ntchito, bedi. Tsiku lopuma ndinkagona mpaka mutu kuwawa. Amene ananditulutsa m'chipindamo ndi amayi ena akwathu omwe tinkapemphera limodzi, okhalitsa kuno. Loweruka lina la mu Meyi anandiimbira foni: "Mwanangu, uvale nsapato zolimba, tikayende."

"Kwa ndani, Amayi?"

"Kwa munthu ayi. Tikangozungulira n'kubwerera pomwe tayambira."

Ndinavomera chifukwa akulu sakanidwa, koma mumtima ndinkati amayiwa Ulaya wawalowa. Kwathu ku Thyolo munthu amayenda chifukwa kuli chigayo, kuli maliro, kuli sikelo ya mwana. Woyenda popanda kolowera timamuyang'ana kawiri.

Tinakwera tramu, kasitima kamagetsi koyenda m'tauni, mpaka ku Hucknall, n'kuyenda pang'ono kukafika pa Linby, kamudzi ka nyumba za miyala komwe timitsinje timayenda m'mbali mwa msewu. Kuchoka apo tinatsata njira yowongoka yomwe kale inali njanji yonyamula malasha. Migodi ya kumeneko inatha kalekale, wa Newstead mu 1987, wa Linby mu 1988, ndipo tchire labwerera mwakale. M'nkhalango munali mbuu timaluwa tabuluu tomwe eni ake amati bluebell. Koma ine maso anga sanali pa maluwa. Anali pa nkhuni. Nthambi zouma gwaa, zikuluzikulu, zangogona pansi zikuwola, popanda wotola!

Kenaka tinafika pa kageti kolowera mu esiteti, ndipo miyendo yanga inaima yokha. Amene munakulira pafupi ndi minda ya tiyi mukudziwa chifukwa chake. Ndili mwana ndinkaperekeza mayi anga kokatola nkhuni m'mphepete mwa bulugama wa esiteti ina, makutu ali tcheru kumvera mlonda. Akakupeza, chikwanje chapita, mtolo wapita, mwinanso n'kugwetsa chitenje pothawa. Thupi silinaiwale.

Amayi aja anandiloza kachikwangwani kakang'ono kokhala ndi muvi wachikasu. Ku England njira yotere ndi ya aliyense mwa lamulo, ngakhale idutse pakati pa munda wa munthu. Wachikasu ndi wa oyenda pansi, wabuluu amadutsanso a njinga ndi a mahatchi. Mwini malo saloledwa kuitseka. Chako n'kusapatuka m'njiramo ndi kusiya geti momwe walipezera. Ndinadutsa, komabe ndikucheukacheuka.

Newstead Abbey, nyumba yaikulu ya pa esitetiyo, imaonekera mwadzidzidzi, kutsogolo kwake kuli nyanja yaing'ono, mapikoko akuyendayenda pa kapinga ngati ndiwo analipira lendi. Mbali imodzi ndi khoma lokha la tchalitchi chakale, zenera lalikulu lili pululu. Poyamba panali nyumba ya ansembe, yomangidwa cha m'ma 1170. Mfumu Henry VIII italanda malo a tchalitchi, pano panagwera banja la Byron mu 1540. Wolemba ndakatulo uja Lord Byron, ngongole zitamukwana, anapagulitsa mu 1818 kwa Thomas Wildman, yemwe chuma chake chinachokera ku minda ya nzimbe ya ku Jamaica yolimidwa ndi akapolo. M'munda muli chipilala cha galu wa Byron, Boatswain, yemwe anafa ndi chiwewe mu 1808. Ndinaimapo nthawi ndithu. Manda a agogo anga alibe ngakhale njerwa.

Tinakhala pa benchi n'kutsegula mandasi ndi tiyi wa m'fulasiki, ndipo apa mpomwe Amayi anatulutsa nkhani yomwe anandibweretsera. "Livingstone wa m'buku la Sitandade 5 uja, anagona m'nyumba imeneyi."

Ndinkayesa nthabwala. Koma ndi zoona. William Webb, amene anagula malowa pambuyo pa Wildman, anadziwana ndi David Livingstone ku Africa, Webb ali kosaka nyama. Livingstone atabwerera kuchokera ku ulendo wa ku Zambezi, anakhala pano kuyambira Seputembala 1864 mpaka Epulo 1865, akulemba buku lofotokoza za mtsinje wa Shire, mathithi ake, ndi nyanja yathu yomwe anaifika mu 1859. Mwana wake wamkazi Agnes anali naye, akuthandiza kukopera zolembazo. Agnes yemweyo anadzakwatiwa ndi Alexander Low Bruce, ndipo banja limenelo ndilo linadzakhala ndi esiteti yaikulu ya ku Magomero, komwe thangata linawawa mpaka a John Chilembwe ndi anthu awo anadzuka mu Januwale 1915.

Sindinena kuti Livingstone analakwa kapena analungama, zimenezo azikangana aphunzitsi. Chomwe chinandikhala pakhosi ndi china: anthu omwe kwawo anasunga lamulo loti mmphawi adutse pa munda wa wolemera, atafika kwathu lamulo limenelo analisiya pa doko. Ngakhale kwawo komweko silinali la ulere, Amayi anatero. Anthu wamba anachita kulimbirana. Mu 1932 ena anamangidwa chifukwa chokwera dala phiri la Kinder Scout lomwe eni malo anatseka. Nyumba ya Newstead nayo si ya banja lililonse tsopano, inaperekedwa ku mzinda wa Nottingham mu 1931.

Pobwerera tinadzera ku Papplewick, m'madambo a msipu. Pamenepo mpanda suutsegula, umaukwera pa timatabwa tiwiri toikidwa dala, ndipo Amayi ndi msinkhu wawo anaoloka msanga kuposa ine. Tinaoloka kamtsinje ka Leen, komwe kale kankayendetsa makina opota thonje ogwiritsa ntchito ana amasiye ochokera ku London, n'kutulukira pa Linby pomwe paja, matope ali m'maondo.

Ndili mu tramu foni inalira. Anali mlongo wanga wa ku Bvumbwe, ndipo mawu oyamba anali akuti, "Achemwali, mwakhala pansi?" Za foni imeneyo, ndi momwe ndinapezera ndalama ya tikiti ya ndege, tikumane mu gawo 18.