Za dzina loti a Ziro-Ziro, imvani kwa mwini wake

Popeza wina wajambula kale issue ija, dandaulo limene ndinalemba pa intaneti lonena kuti masamu a pulogalamu ina ya kompyuta ndi olakwika, n'kuiponya pa gulu la WhatsApp la ku ntchito, ndipo dzulo wa kabaza pa Luchenza wandipatsa moni woti "mwaswera bwanji a Ziro-Ziro", kuli bwino ndifotokoze ndekha musanathire mchere wina. Ndinalembadi. Dzina lili pamenepo ndi langa, chithunzinso ndi changa, chija ndinavala tayi. Koma mawu oti "dziko lonse lakhala likunamizidwa" ndinawayamba ndi "mwina". Amene akufalitsa issue yojambulidwayo anadula "mwina" ameneyo, ndipo ndikumudziwa.

Mkonzi wa Journal of Open Source Software, imene timangoti JOSS, anandipempha kuti ndikhale mmodzi mwa anthu awiri ounika pulogalamu ina yolembedwa m'chilankhulo cha kompyuta cha Python. Magaziniyi inayamba mu 2016 ndipo kuunika kwake konse kumachitikira pambalambanda pa GitHub, webusaiti imene anthu amasungapo mapulogalamu awo. Kulibe zobisala. Ukalemba kuti @editorialbot generate my checklist, kaloboti kamakupatsa mndandanda woti uzichonga: kodi laisensi ilipo, kodi malangizo oikira pulogalamu pa kompyuta akugwira, kodi pulogalamuyo ikuchitadi zimene eni ake akunena, kodi ili ndi mayeso odziyendetsa okha, kodi munthu wofuna kuthandiza auzidwa poyambira. Ukapeza vuto umatsegula issue ku repository ya eni ake, malo amene asungapo pulogalamu yawo, aliyense n'kumawerenga.

Pulogalamuyo inali nkhokwe ya masamu oyesera ma optimizer. Optimizer ndi pulogalamu yofunafuna pamene samu ikupereka nambala yotsika kwambiri; ili ngati munthu amene chiperoni wamutsekera ku Chambe ndipo akufuna kutsikira ku Likhubula: saona kanthu, amangoponda phazi kuti amve kumene nthaka yapendekera, n'kusuntha pang'ono, n'kupondanso. Phazi limenelo ndiye gradient. Kuti udziwe ngati optimizer yako ndi yabwino umaiponya m'mapiri odziwika kale, monga masamu 35 amene Moré, Garbow ndi Hillstrom anasonkhanitsa mu 1981. Lililonse limabwera ndi function yake (samu yopereka kutalika kwa phirilo pa malo alionse), gradient yake, poyambira pake ndi pansi pake penipeni. Gradient ikakhala yolakwika m'nkhokwe yotere, aliyense woyesa optimizer yake pamenepo apeza zabodza. Choncho kuiunika gradient inali ntchito yoyenera, ndipo pamenepa pokha ndikupempha kuti mundiwombere m'manja.

Zoyamba zinayenda bwino. Ndinakopera pulogalamuyo ndi git clone, ndinaipangira malo akeake pa kompyuta otchedwa venv, ndinaiika ndi pip install, kenako ndinayendetsa mayeso ake ndi pytest. Zonse zobiriwira. Koma mayeso olemba mwini wake ali ngati mwana kudzichongera yekha homuweki, ndiye ndinati ndilembe kachipangizo kanga. Njira yake ndi ya kalekale: tenga function pa x, sunthira patsogolo pang'ono ndi kasitepe kotchedwa h, tenganso function pamenepo, chotsera, gawa ndi h. Chimene wapezacho chiyenera kufanana ndi gradient imene pulogalamu ikupereka.

Ndinayamba ndi nambala 1 pa mndandanda wa 1981 uja, function ya malemu Howard Rosenbrock ya mu 1960: 100(y − x²)² + (1 − x)². Chigwa chake n'chopindika ngati nthochi, moti ena amangoitchula ndi dzina la nthochi, ndipo ine monga munthu wa ku Thyolo ndinadziona kuti ndili pakwathu. Poyambira ndi (−1.2, 1), pamene function imapereka 24.2, ndipo pansi pake ndi (1, 1). Pulogalamu ya eni ake inati gradient poyambirapo ndi (−215.6, −88).

Kachipangizo kanga kanati (0, 0).

Linali Lachisanu usiku, magetsi atathima, chiperoni akunyowetsa khonde, laputopu ili pa 31 peresenti, intaneti ndikukoka pa foni. Ndinayendetsanso. Ziro, ziro. Ndinapita pa function ya Beale, yoyambira pa (1, 1) pamene imapereka 14.203125. Ziro, ziro. Masamu ena angapo anatulutsa manambala osokonekera, ena ziro yemweyo. Palibe ngakhale limodzi linagwirizana ndi eni ake.

Apa ndi pamene munthu wabwinobwino amati, masamu 35 onse sangalakwe limodzi, cholakwika chili m'thumba mwanga. Ine ndinaimirira. Ndinayenda kuchoka pa tebulo kufika pa chitseko, manja kumbuyo, ngati hedimasitala pa asembule. Gradient ya ziro imatanthauza kuti nthaka ndi yathyathyathya. Ndiye kuti pa (−1.2, 1) palibe potsetsereka. Ndiye kuti kuyambira 1960 akatswiri a ku America, ku Ulaya, ku Japan akhala akugubuduza makompyuta awo kutsika chigwa chimene kulibe, ndipo choonadi chinadikira zaka zoposa 60 kuti chidzaululike pa Luchenza, mumdima, kwa munthu wovala chitenje cha akazi ake chifukwa cha kuzizira.

Ndinakhalanso pansi kuti ndiyang'ane maziro aja. Anali okongola. Awiri, ozungulira bwino, ngati mazira a nkhanga. Ndinakulitsa zilembo pa sikirini kuti ndiwaone bwino. Ndinayamba kulingalira za suti: ndikasoketse ku Limbe kapena ndingogula yosokasoka? Ndinaganiza za mmene ndidzalankhulire pa msonkhano waukulu, modzichepetsa, kuti akuluakulu amene analakwitsawo asachite manyazi, chifukwa kwathu kuno sitiyalutsa akulu pagulu. Ndinakonza ndi chiganizo choyambira. Ndinafika pofunsa mumtima ngati chotulukirachi adzachitchule dzina langa kapena la boma lathu, ndipo ndinagamula kuti la boma, anthu a kwathu apindule nawo.

"Bambo a Tadala, mukuseka ndi ndani mumdimamo?"

"Mayi a Tadala, tabwerani mudzaone. Chigwa chija anthu akhala akutsika kuyambira 1960 n'chathyathyathya."

Anabwera ndi tochi, anayang'ana maziro anga, anandiyang'ana ine.

"Ndiye anthu onsewo, zaka zonsezi, ndi magetsi awo osathimathima, sanaone. Mwaona ndinu?"

"Zinthu zikuluzikulu zimayamba chonchi."

"Chabwino. Khola la nkhuku mwatseka?"

Ndinati ndikatseka ndikamaliza, chifukwa batire linali pa 19 peresenti ndipo sayansi sidikira. Ndinatsegula issue. Ndinaikamo tebulo la masamu onse 35, mbali ina gradient ya eni ake, mbali ina yanga. Ndinalemba mwaulemu kwambiri, ulemu uja wa munthu amene akudziwa kuti wapambana. Ndinalangiza eni ake kuti "abwererenso ku masamu oyambirira". Mawu amenewa ndiwo amandidzutsa usiku mpaka lero. Kenako ndinaika linki yake pa ulusi waukulu wa JOSS kuti mkonzi ndi wounika mnzanga asaphonye, ndinatseka laputopu, n'kugona tulo tokoma kwambiri chaka chino.

M'mawa magetsi atabwera ndinapeza yankho. Mwini pulogalamu anathokoza chifukwa cha "kuunika mosamala", ndipo anapempha kuti ndiyese mzere umodzi wokha:

print(-1.2 + 1e-16 == -1.2)

Kompyuta yanga, yomwe ndinaigula ndi ndalama zanga, inayankha kuti True.

h wanga anali 1e-16, kutanthauza 1 wogawidwa ndi 1 wotsatiridwa ndi maziro 16. Nambala ya float64, mtundu umene kompyuta imasungira manambala otere, imasunga ma bit 53, amene ndi madijiti pafupifupi 16. Pakati pa 1 ndi 2 manambala amene kompyuta ingathe kusunga atalikirana ndi 2.2e-16, ndipo ukawonjezera chinthu chosafika theka la mpata umenewo, imakubwezera pomwe unali. Choncho x + h anali x yemweyo. Ndinkachotsera 24.2 pa 24.2, n'kugawa ziro ndi kanambala kakang'ono, n'kupeza ziro. Phazi lija sindinalisunthe n'komwe. Ndinaima malo amodzi n'kulengeza kuti phiri la Mulanje ndi bwalo la mpira. Amene munaonapo lole ya masamba a tiyi itakwera pa sikelo ya ku fakitale mundimvetsa: ndinaponya tsamba limodzi pamwamba pa loleyo, sikelo sinasinthe, ndipo ndinalembera kalata eni fakitale kuti tiyi alibe kulemera. Masamu aja anatulutsa zosokonekera ndi amene poyambira pake pali manambala ang'onoang'ono, pamene h ankatha kusuntha x ndi kadontho kamodzi, koma chotsalacho chinali phokoso lokhalokha.

Chowawa n'chakuti nkhani imeneyi ndimaiphunzitsa. Pa njira iyi pali zolakwika ziwiri zokokerana chingwe. h akakula, umalakwitsa chifukwa nthaka ndi yopindika: pa Rosenbrock poyambira paja, derivative yachiwiri ya x, muyeso wa kupindikako, ndi 1330, ndiye cholakwika chimakhala pafupifupi h kuchulukitsa ndi 665. h akachepa, umalakwitsa chifukwa kompyuta ikudula madijiti, ndipo cholakwikacho chimakula pamene ukugawa ndi h. Pa 1e-6 umapeza −215.5993. Pa 1e-8 umapeza −215.59999, ndipo apa ndi pabwino, pafupi ndi square root ya 2.2e-16, imene ndi 1.5e-8. Pofika 1e-14 manambala ayamba kudzandira ngati munthu wochokera ku kachasu. Pa 1e-16 agwa. SciPy, nkhokwe yotchuka ya masamu ya Python, ili ndi check_grad yochita ntchito yomweyi, ndipo h wake ukapanda kumusintha ndi 1.49e-8. Inali kale mu venv yanga. Ilinso ndi rosen_der, imene ikanandipatsa −215.6 ndi −88 m'kuphethira kwa diso. Ngakhale pensulo: −400x(y − x²) − 2(1 − x), mphindi ziwiri, ndipo pensulo sifuna batire.

Tsopano mbali yanga. Batani la 1 pa laputopu yangayi limamata, chiyambireni tsiku lija tiyi wa shuga atatu anatayikirapo. Ndinauza anzanga ku ntchito kuti ndinkafuna kulemba 1e-6. Mnzanga wina wa fizikisi, amene sindimupatsanso lifiti, anati batani lomata likanalemba 11e-6, osati kudumpha zilembo ziwiri n'kukamata kutsogolo. Kenako anatsegula repository ya kachipangizo kanga, imene ndinaiika poyera ndekha monga umboni, n'kuwerenga mokweza uthenga umene ndinalemba posunga zosintha zanga (commit) pa 10:47 usiku, wonena m'Chingerezi kuti ndachepetsa h kuti zilondole kwambiri. Ndi chizindikiro chofuula kumapeto.

Komabe maganizowo sanali opusa kotheratu. Pali njira ina yotchedwa complex step, imene umasuntha x ndi h ku mbali ya imaginary, mbali yachiwiri ya manambala apadera otchedwa complex, ndipo poti mulibe kuchotsera, ungathe kuika h wa 1e-20 osavulala. Ndiye nambala yanga inali yabwino, inangolowa m'nyumba yolakwika. Ndinafotokoza zimenezi mu tiyi wa 10 koloko. Palibe anayankha. Wina anangofunsa kuti Bullets ndi Wanderers zikathera ziro-ziro ndizilembanso issue?

Kufufuta sikunatheke. Issue ya m'repository ya eni ake amafufuta ndi eni akewo. Ukasintha mawu, GitHub imasunga mbiri ya zosinthazo kuti aliyense aone, komanso uthenga woyamba unapita kale pa imelo kwa onse otsatira ulusiwo. Ndinangolemba pansi pake kuti cholakwa n'changa, ndinaika tebulo latsopano la h wa 1e-8 losonyeza kuti gradient zonse 35 zikugwirizana, n'kutseka issue. Wounika mnzanga anaikapo kachithunzi ka mtima. Sindikudziwabe ngati unali mtima wachifundo.

Zimene simukufalitsa n'zakuti sabata yotsatira ndinapeza mavuto enieni awiri. Mayeso ena ankasankha poyambira mwachisawawa opanda seed, nambala yochititsa kuti zosankhazo zizibwera chimodzimodzi nthawi zonse, moti ukawayendetsa kakhumi, kamodzi ankalephera, ndipo munthu sakanatha kubwereza kulepherako kuti aone chavuta. Komanso munalibe fayilo youza anthu mmene angaperekere madandaulo kapena thandizo, chimene mndandanda wa JOSS umafuna. Zonse anakonza. Izi palibe anajambula.

Mwini pulogalamu ndi munthu wabwino mtima, ndipo ubwino wakewo ndi umene wandimaliza. Anati funso langa lasonyeza kuti ogwiritsa ntchito ena angagwe m'dzenje lomweli, choncho anawonjezera ndime m'malangizo yochenjeza za kusankha h. Kumapeto kwa ndimeyo anaika linki yopita ku issue yanga, kuti owerenga aone chitsanzo. Pepala likadzatuluka, mayina a ounika amalembedwa pambali pake, ndiye langa lidzakhala pawiri.

Khola lija sindinatseke. M'mawa mwake tinapeza nkhuku imodzi palibe, yaikazi, yoikira. Mayi a Tadala akuti nkhani imeneyo sinathe.