Mmene ndinatulutsira mphwanga pa belo osalipira ndi tambala yomwe

Mlongo wanga anandiimbira Lachinayi m'mamawa akulira kuti mwana wake wagona m'chitokosi. Nkhani yake ndi ya dimba. Madzi a namondwe wa Freddy mu 2023 anakokolola malire a madimba athu m'mphepete mwa Shire, ndipo chiyambire pamenepo mikangano siitha. Mnyamatayo anakankhana ndi mwini dimba loyandikana, winayo n'kukasuma. Malume ake ndine, ndiye mtolo unagwera ine.

Ndinakwera kabaza dzuwa la kuno ku Chikwawa litayamba kale kuwotcha. Ndisanalowe n'komwe pageti la polisi, mkulu wina wokhala pansi pa mtengo anandikodola. "Achimwene, popanda kangachepe mwanayo awolera momwemo. Ndipatseni K40,000 ndikakulankhulireni." Sanali wapolisi. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo ndinangomudutsa.

Pakauntala ndinapempha kuonana ndi wapolisi amene akufufuza mlanduwo. Ndinamufunsa zinthu ziwiri: mnyamatayu wamangidwa pa mlandu wanji, nanga analowa nthawi yanji? Funso lachiwirili musamaliiwale. Gawo 42 la Malamulo Aakulu a dziko lino limati womangidwa afike kukhoti pasanathe maola 48, koma maolawo akathera nthawi yoti khoti laweruka, amadikira tsiku lotsatira limene khoti ligwire ntchito. Mphwanga anamugwira Lachitatu madzulo. Nditawerenga ndi zala ndinaona kuti ndikachita chidodo, kukhoti ndi Lolemba, mausiku asanu m'kachipinda kotentha ngati ng'anjo.

Anandilola kumuona pang'ono. "Malume, akuti ndisayine pepala." Ndinamuuza kuti asasayine chilichonse asanamuwerengere m'chilankhulo chimene akumva, komanso kuti palibe angamukakamize kuvomera mlandu. Gawo lomwelo limamulola kukhala chete.

Kenako ndinapempha belo, mwaulemu ndithu. Kulalata sikutsegula chitseko cha chitokosi. Bwanayo anati mlandu ndi waung'ono, n'zotheka, bola pabwere anthu awiri omuimira okhala ndi ziphaso za unzika. Ukanakhala mlandu wakupha, belo yake ndi ya ku Khoti Lalikulu basi. Apa ndi pamene ndinataya nthawi, chifukwa mlamu wanga anasiya chiphaso chake kumudzi, kabaza n'kubwereranso ulendo wachiwiri. Inu nyamuliranitu.

Tikudikira pabenchi ndinakumbuka malemu bambo anga. Iwo ankati kale, isanachitike riferendamu ya 1993, galimoto ikamutenga munthu usiku, abale sankayerekeza kufunsa kumene wapita. Ena anakhala zaka kundende ya Mikuyu osaonapo nkhope ya woweruza. Ine mlimi wa thonje ndinali nditangofunsa kumene wapolisi kuti mwana mwam'mangiranji, iye n'kundiyankha, buku lili chotsegula.

Pa fomu ya belo panalembedwa ndalama, ndipo mlamu ataiona anatuluka thukuta. Ndalama imeneyo simupereka pamenepo ayi. Ndi lonjezo loti mnyamatayo akathawa, mudzalipira ndinu omuimira. Tinasayina, anatiuza tsiku loti akaonekerenso, ndipo cha m'ma 4 koloko anatuluka atagwira lamba ndi nsapato m'manja.

Panja mkulu uja anali atapeza mayi wina wonyamula kontena ya nsima. Mayiyo anali atayamba kale kumasula mfundo ya chitenje. Ndinauza mphwanga kuti andidikire pakabaza, ine n'kubwerera.