Mapointi 17, koma samu 6: abwereze kapena ayi?

Ntchito yanga ndi ya fotokope pa kashopu kena ku Limbe. Zotsatira za MSCE zikangotuluka, mapepala a magiredi amadutsa m'manja mwanga ambirimbiri. Ena amafuna ndiwajambulire, ena ndiwathandize kulemba pa intaneti mafomu a NCHE, bungwe limene ana amafunsirako malo m'mayunivesite aboma. Chaka chino pepala limodzi pa mulu umenewo linali la mwana wa achemwali anga a ku Bangwe, ndipo nkhani yoti abwereze Fomu 4 kapena ayi inagwera ine, poti malume ndine.

Magiredi ake ndi awa: Bible Knowledge 1, Agriculture 2, Chichewa 2, Geography 3, Chingerezi 4, Physics 5, Chemistry 5, samu 6. Mukawonkhetsa maphunziro asanu ndi limodzi amene anakhoza bwino, Chingerezi chili momwemo, mupeza mapointi 17. Achemwali anapha nkhuku. Kutchalitchi anamuimika kutsogolo, anthu nkuwomba m'manja. Ndi chifukwa chake mnyamatayo atanena kuti akufuna kulembanso, mayi ake anati, "Achimwene, mwana wanuyu wayamba misala. Anzake a mapointi 30 akuvina, iye wa 17 akufuna kubwerera m'kalasi?"

Si misala ayi. Iye mtima wake uli pa zauinjiniya ku MUBAS, paja tinkati ku Poly isanaime payokha mu 2021. Kuyambira ali wamng'ono, minibasi ikamadutsa pa Chichiri mu msewu wa Masauko Chipembere, khosi limatembenukira komweko. Tsono maphunziro a uinjiniya safunsa kuti Bible Knowledge unakhoza bwanji. Amayang'ana samu, Physics ndi Chemistry, ndipo pa atatu amenewa iye ali ndi 6, 5 ndi 5. Ndi makirediti ndithu, popeza ku MANEB kirediti imayambira pa 3 kulekezera pa 6, choncho pakhomo lofunsira malo alowa. Koma akapikisana ndi ana amene pa maphunziro omwewo ali ndi ma 1 ndi ma 2, ndipo chichotsereni kota (kusankha ana potengera maboma akwawo) mu 2020, boma lakwanu silikunyamulanso. Mapointi 17 akewo ndi chikomekome cha nkuyu.

Apa ndi pamene makolo ambiri amasokonekera, ndipo ndimaona pakauntala panga chaka ndi chaka. Bambo amafika atanyamula pepala la mwana ngati satifiketi ya ukwati, nkunena nambala imodzi yokha: "Wapeza 15." Ndikafunsa kuti akufuna kukaphunzira chiyani, amati udokotala ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo. Ndikayang'ana Biology ndi Chemistry, ndimangoti kukamwa pululu. Winanso amafika nkhope ili yakugwa ndi mapointi 22, chonsecho samu ali ndi 2, Physics 2, zimene zamukokera pansi ndi History ndi zina zimene kosi yake siyizifuna nkomwe. Ameneyo ndimamuuza kuti asataye chaka, alembe fomu.

Ndiye ndinamuitana mwana wa achemwali uja kushopu Loweruka masana, makasitomala atachepa. Sindinamufunse ngati akufuna kubwereza, zimenezo ndinkadziwa kale. Ndinamufunsa kuti, "Samuyo inakugwetsa pati?" Poyamba anayankha za ana onse: nthawi inachepa, amalume. Ndinatulutsa mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo amene ndimagulitsa, ndikumupatsa bolopeni, ndikumusiya pa benchi ya kuseri kwa makina. Mafunso a algebra anawadya ngati chigumu. Atafika pa trigonometry ndi za ma circle, bolopeni inaima. Anajambula bwalo, nkulembamo zilembo, nkufufuta, nkujambulanso, kenako nkuyamba kuyang'ana kudenga. Ndi pamene anaulula kuti mitu imeneyo kusukulu kwawo anaidutsa mothamanga mu teremu yomaliza, ndipo kuti zipangizo za pulakitiko ya Chemistry anazigwira koyamba kutatsala pang'ono mayeso.

Yankho limenelo ndi limene linanditembenuza mtima. Mwana amene angaloze ndi chala malo amene anagwera, ndipo malowo ndi zinthu zimene sanaphunzitsidwe bwino, kubwereza kungamupindulire. Koma amene amangoti "ndikalimbikira kwambiri" osadziwa kuti akalimbikira chiyani, ndimamuonanso chaka chamawa ndi pepala lofanana ndi loyamba. Nkhope zina ndazizolowera moti ndimadziwa ndi sukulu za open zimene akhala akusinthasintha.

Komabe sindinamuvomere msanga, chifukwa kubwereza kuli ndi mtengo wake umene ana sawerengera. Pali fizi, pali ndalama ya aphunzitsi a pati taimu, pali thiransipoti ya tsiku ndi tsiku kuchokera ku Bangwe. Achemwali amagulitsa kaunjika, ndipo kumbuyo kwa mnyamatayu kuli atsikana awiri amene nawonso akufuna fizi. Palinso china chimene iye sanachiganize. Ukaika mphamvu zonse pa samu ndi sayansi, 1 wa Bible Knowledge uja ndi 2 wa Agriculture sakudikira. Ndaonapo ana amene anakweza samu kuchoka pa 6 kufika pa 4, koma Chingerezi nkutsika kufika pa 7. Popanda kirediti ya Chingerezi, mayunivesite aboma sakuyang'ana nkomwe, ngakhale ena onse akhale ma 1.

Ndipo chaka cha mayeso sichikhala m'manja mwa wolemba yekha. Amene analemba mu 2020 akukumbukira: sukulu zinatsekedwa miyezi ingapo chifukwa cha Covid-19, mayeso atayamba mapepala anabedwa, boma nkuwaimitsa, ana onse nkukalembanso mu Januwale 2021. Amene anabwereza chaka chimenecho analemba katatu osafuna.

Ndinamuyalira njira zinanso kuti asaone ngati dziko lonse ndi MUBAS. Ndi Agriculture 2 ndi Geography 3, ku LUANAR, yunivesite ya zaulimi, kuli makosi oti angayesere. Kuli MUST ku Thyolo, kuli zauphunzitsi ku Domasi. Pafupi pomwepa pali Soche Technical, komwe munthu amaphunzira zamagetsi ndi manja ake, ndipo anyamata ena amene anadzera kumeneko ndi amene amandikonzera mawaya mushopu muno, amalipiritsa ndalama yoti ine sindiipeza pa tsiku. Anamvetsera mwaulemu, manja ali kumbuyo, koma nditatchula zauphunzitsi nkhope inachita tsinya. Ndinaseka, poti agogo ake anali aphunzitsi ndipo ndi choko chomwecho chimene chinatilera.

Tinagwirizana chonchi. Fomu ya NCHE alemba chaka chino ndi magiredi amene ali nawo. Uinjiniya auika poyamba kuti mtima ukhale m'malo, koma m'munsimo aikamo makosi amene magiredi ake akulimba, osati kudzaza mizere yonse ndi uinjiniya monga amachitira anzake. Chikalata cha NCHE tinachiwerenga limodzi mzere ndi mzere, makamaka pamene alemba maphunziro ofunika pa kosi iliyonse, chifukwa ambiri amangofunsa anzawo pa WhatsApp. Uku akudikira, ayamba kalasi, koma osati pa sukulu iliyonse yokhala ndi chikwangwani chachikulu. Ndinamuuza kuti akaone kaye labu ndi maso ake, afunsenso ana a pomwepo ngati mphunzitsi wa samu amamaliza silabasi. Ndalama ya pati taimu ya samu ndi Chemistry ndilipira ine, ndipo Loweruka lililonse azibwera kushopu kudzalemba pepala limodzi lathunthu, wotchi ili patebulo, foni ili m'thumba mwanga.

Funso lovuta ndinalisunga pomaliza: "Nanga akakusankha ku LUANAR, upita kapena ukana?" Anakhala chete kanthawi, nkuti, "Ndikaona mmene ndikukhozera mapepala a Lowerukawo, amalume." Achemwali akuti akasankhidwa kulikonse apite basi, iwo nkhuku yachiwiri alibe. Pepala loyamba la samu analemba sabata yatha, ndipo mafunso a ma circle anawasiyabe osayankha.