Tinapita kukaona phiri, tinakapeza thangata: lipoti la ulendo wa ku Thyolo ndi Mulanje

Anzathu amene munatsala, pepani lipotili lachedwa. Amayi asungichuma akhala akundikumbutsa pa WhatsApp mmawa ndi madzulo, mpaka ndayamba kuopa kutsegula foni. Nali tsopano, koma silitsata ndondomeko ija tinagwirizana ya tsiku ndi tsiku. Pena ndingodutsa, pena ndikhalitsa.

Tinanyamuka pa Kasungu Lachinayi mbandakucha, tilipo 17, aphunzitsi a mbiri, Chichewa ndi Baibulo. Anzathu atatu ndalama ya ulendo inawaperewera, ndiye apampando anati tithangatane, pasapezeke wotsala chifukwa cha thumba. Tinasonkha. Mawu oti kuthangatana ndinangowamva ngati mawu ena onse, osadziwa kuti Loweruka lake andichititsa manyazi pamaso pa nkhalamba.

Za msewu palibe chachilendo. Tinagula mbatata pa Lizulu, tayala linaphulika tisanafike pa Zalewa, ndipo mu Limbe tinalowa kutada.

Lachisanu tinadzukira Thyolo kudzera ku Bvumbwe. Ife a ku Kasungu tinali titanyamula malaya opepuka, poti timadziwa kuti kummwera n'kotentha. Tinalapa. Kunali chiperoni, kamvula kowaza kopanda mabingu, kozizira mpaka m'mafupa, kamene dzina lake lidachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Chifunga chitayamba kuyera, minda ya tiyi inaonekera mbali zonse za msewu, yobiriwira ngati wina wayala nsalu pamapiri. Dalaivala tinamuimitsa katatu kuti tijambule. Ndivomere, mumtima ndinati anthu akuno ndi odala, mwezi wa August kwathu kuli fumbi lokhalokha. Mayi mmodzi wa gulu lathu, amene amaphunzitsanso jogalafe, ndi amene anatiloza kuti tione pomwe tiyi wathera. Pamenepo nyumba zachita kuthithikana, timinda tili ngati mabwalo a nyumba, ndipo ena alima mpaka pamtsetse poti ngakhale mbuzi ingaterereke. Anatikumbutsa kuti pa kalembera wa 2018 Thyolo inali ndi anthu oposa 720,000, Kasungu oposa 840,000, koma Kasungu ndi wamkulu kuposa Thyolo kanayi n'kusefukira. Ndiye pa kamalo kochepako muchotsepo maesiteti.

Tinapatukira ku Makwasa kukaona mishoni ya Malamulo. Malowa adayamba ndi Joseph Booth, yemwe uja adatenga John Chilembwe kupita naye ku America mu 1897. Poyamba ankatchedwa Plainfield ndipo anali a mpingo wa Seventh Day Baptist. Mu 1902 a Seventh-day Adventist adawagula n'kutumizako Thomas Branch, mmishonale wakuda wochokera ku America, ndipo dzina loti Malamulo lidabwera pambuyo pake. Chipatala chake chidatchuka kalekale ndi kuchiza khate. Aphunzitsi a Baibulo ndi a mbiri anakanganirana pomwepo, pansi pa mtengo. Ena ankati amishoni ndi atsamunda anali mphika umodzi, onse adatenga malo. Ena ankati mukatero ndiye Booth mumuika pati, munthu amene boma la atsamunda lidamuthamangitsa m'dziko chifukwa cholalikira kuti Africa ndi wa anthu akuda? Ine ndili kumbali yachiwiriyi, koma sindinawine. Mkanganowo unaduka chifukwa wotiyendetsa anatikumbutsa mwaulemu kuti dzuwa likalowa Lachisanu Sabata layamba, ndipo iye anali ndi zokonzekera.

Podutsa pa Luchenza, mnzathu wina anatikumbutsa za chipolowe cha August 1953, mwezi womwe chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinkayamba. Moto udayaka pa nkhani ya malalanje amene anthu adagwidwa nawo pa esiteti ina kufupi ndi pamenepa, n'kufalikira m'midzi ya Thyolo ndi maboma oyandikana, ndipo anthu 11 adaphedwa. Malalanje okha sangaphetse anthu 11. Pa Chonde tinangoima pang'ono kuona pomwe a Mulhako wa Alhomwe amachitira mwambo wawo mwezi wa October. Bwaloli linali zii, mbuzi zokha zikudya.

Anzathu a ku Mulanje anatilandira ngati akwawo. Sukulu yawo ili pansi penipeni pa phiri, moti ukatuluka m'kalasi umayamba wakweza khosi. Anatiphikira nsima ya nandolo wamuwisi, kenako anabweretsa kalongonda kuti atiyese mtima. Amati nyemba zimenezi zimaphikidwa tsiku lonse, madzi akutayidwa kangapo, ndipo wophika akachita ulesi odya amazungulira mutu. Apampando analawa kamodzi n'kunena kuti akhuta.

Loweruka mmawa tinapita ku Likhubula n'kukwera mpaka pa Dziwe la Nkhalamba. Musandifunse za Sapitwa. Nsonga imeneyo ndi ya mamita 3,002, ndipo ambirife mawondo anayamba kudandaula tisanathe ola limodzi. Mnyamata amene anatitsogolera ndi wa kwaya ku mpingo kwawo, koma titayandikira dziwelo anatsitsa mawu n'kutipempha kuti tisachite phokoso. Anatifotokozera za eni phiri: kuti ukapeza chakudya chokonzakonza m'tchire umadya wekha osaitana mnzako, osatengako chopita nacho kunyumba, ndi kuti amene amapita ku Sapitwa mwamwano sabwerako. Anatchulanso mlendo wa ku Netherlands amene adasowa m'phirimo mu 2003 osapezekanso. Mphunzitsi wina wa Baibulo anamufunsa ngati Mkhristu angakhulupirire zimenezo. Mnyamatayo anaseka n'kunena kuti iye Lamulungu amapemphera, koma m'phiri amayenda mwaulemu, sizilimbana. Yankho limenelo linandikhalira bwino kuposa maulaliki ambiri amene ndamva pa nkhaniyi.

Anatisonyezanso mizere yoyera yotsika m'phiri, pomwe nthaka ndi miyala zidagumuka nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023. Akuluakulu kuno amati wadutsa Napolo, monga adanenera za Phalombe mu March 1991, madzi ndi miyala zitatsika m'phiri la Michesi. Ife a Chichewa ndi zolembalemba timamudziwa Napolo kudzera m'ndakatulo za malemu Steve Chimombo, koma kuona mwala waukulu ngati nyumba utakhala pakati pa munda wa munthu n'kwina. Mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, sitinauone waukulu ngakhale umodzi. Tinangoona timabokosi ta fungo lake togulitsa pamsewu, ndi mbande zomwe akudzala. Phirili lalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu July 2025, ndipo anzathu akumeneko akunyadira, ngakhale wina anati kaundula saletsa nkhwangwa.

Masana ake ndiye panali phata la ulendo wonse, ngakhale pa pulogalamu sizinalembedwe. Mphunzitsi wina wa kumeneko anati m'malo mopita kumsika wa Chitakale, tikaone agogo ake aakazi, omwe kumeneko amati anganga. Chaka chobadwa sachidziwa, koma njala ya 1949 inawapeza ali kamtsikana kotha kubereka mwana kumbuyo. Tinawapeza akukoka mphasa kuti atiyalire, ine n'kudumpha mwaulemu wanga wonse: “Anganga, dikirani ndikuthangateni.” Anaima n'kundiyang'ana. “Mwanangu, undithandize. Kuthangata ndidasiyira azungu.” Bwalo lonse linafa ndi phwete, ine ndili chiimire ndi mphasa m'manja.

Thangata ndakhala ndikuphunzitsa zaka 14. Ndimalemba pabolodi kuti mawuwa poyamba ankatanthauza kuthandizana ntchito pamudzi, kuti Harry Johnston atavomereza azungu kukhala eni malo aakulu m'zaka za m'ma 1890 anthu okhala pamalopo adayamba kulipira lendi ndi thukuta lawo, kuti nkhanza zake pa esiteti ya Magomero ndi zina mwa zomwe zidautsa Chilembwe mu January 1915, ndi kuti lidathetsedwa mu 1962. Ana amaloweza, amakhoza mayeso. Koma zimene anganga anatiuza sindinazilembepo pabolodi ngakhale tsiku limodzi.

Makolo a bambo awo adaoloka Ruo kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Kuno adapeza malo onse abwino ali ndi mwini kale. Mzungu adawalola kumanga ndi kulima kamunda, malinga bambo wa pabanja agwire mwezi wa msonkho ndi mwezi wa lendi. “Koma mwezi wa mzungu si uja wa kumwamba,” anatero. Tsiku linkawerengedwa pokhapokha kapitawo akachonga pachitupa, ndipo sankachonga ngati ndime sinathe. Ndime yake inali yoti munthu mmodzi sangaimalize, ndiye masiku awiri ankasanduka limodzi, miyezi iwiri n'kufika inayi kapena isanu. Chowawa kwambiri n'chakuti mzungu ankafuna anthu nthawi ya dzinja, tiyi akamaphukira, nthawi yomweyo chimanga chikufuna kupalira. Mayi awo ankapalira okha, iwo ali ndi mwana kumbuyo. Kudula mtengo womangira nyumba unali mlandu. Wokana ntchito ankamugwetsera nyumba. Ndipo mtsikana akakula, mwamuna womukwatira sankaloledwa kudzamanga pamudzi popanda chilolezo cha mwini esiteti, pomwe kuno mwambo ndi wa chikamwini, mwamuna ndiye amatsata mkazi. Achemwali awo aakulu adachoka chonchi, kutsata mwamuna kutali, ndipo manda awo sali pamudzi wa mayi awo. Pamenepo anganga anakhala kaye chete, ifenso osafunsa kanthu.

Wina anafunsa ngati zinthu zidasintha 1962 itadutsa. Anati zitupa zidatha, kapitawo adasiya kubwera pakhomo, zimenezo n'zoona ndipo adavina. Kenako analoza ndi ndodo malire a munda wawo: uku mtengo wa mapeyala, uku mwala, uku njira. Ndinauyenda pambuyo pake, sunakwane theka la ekala. Udagawidwa kwa ana aakazi anayi, ndipo adzukulu akudikira. Kuseri kwa njirayo tiyi wayamba, mpaka maso kutopa. Tiyi ameneyu adayamba kulimidwa ngati bizinesi kuno ku Mulanje mu 1891, Henry Brown atadzala ku Thornwood, ndipo mpaka lero amabweretsa ndalama zakunja ndi ntchito kwa anthu masauzande. Anganga sanamunyoze. Ana awo awiri adatchola tiyi, sukulu ya adzukulu ena idalipiridwa ndi dengu lomwelo. Anangoti ntchito yake imachuluka dzinja, chilimwe ambiri amawapumitsa, ndipo tiyi saphikidwa nsima.

Kenako anatitembenukira. “Mwati mwachokera ku Kasungu? Adzukulu anga awiri ali kwanuko, ku fodya.” Apa ndiye ine malovu anauma. Amalume anga asunga matenanti kuyambira ndili mwana, ndipo ambiri ankachokera ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe. Ndidakula ndikuwaona akutsika m'lole mwezi wa September ndi akazi, ana ndi timitolo, akulandira chimanga cha ngongole mwezi ndi mwezi, n'kudzawerengerana fodya akagulitsidwa, ena kutsala opanda ngakhale ya basi yobwerera. Tinkawaseka kayankhulidwe, tinkati anthu akummwera sakhazikika kwawo. Sindidadzifunsepo chimene chimachotsa munthu kudziko lobiriwira chonchi kudzagona m'chisakasa kwathu. Boma lidaletsa utenanti m'malamulo mu 2021, koma inu ndi ine tikudziwa zomwe zili m'minda yozungulira masukulu athu, ndipo ana ena amene timawalemba kuti ajomba nthawi yosoka fodya ndi a mabanja omwewa. Apampando atandipempha kuti ndithokoze m'malo mwa gulu, ndinangoti zikomo anganga, mawu ena osatuluka.

Lamulungu tinagawikana, ena ku CCAP ya Mulanje Mission, ena ku Katolika, ndipo madzulo tinakhala pansi ndi anzathu akumeneko. Ku Fort Lister, linga lija atsamunda adamanga mu 1893 kutseka njira ya akapolo yodutsa pakati pa Mulanje ndi Michesi, sitinafikeko chifukwa mafuta anali ochepa. A mbiri akudandaulabe. Tinagwirizana kuti anzathuwa adzabwera ku Kasungu tchuthi cha Pasaka, ndipo apempha okha kuti tisadzawatengere ku Kasungu National Park kokha, akufuna kudzacheza ndi akwawo a m'mafodya. Tinagwirizananso kuti teremu ino aliyense atume ophunzira ake kukafunsa agogo awo nkhani imodzi ya malo kapena ntchito, ailembe m'Chichewa, tidzasinthane ndi za ku Mulanje. Za ndalama amayi asungichuma atumiza padera, koma dziwani kuti tayala lija latisiyira ngongole.

Lolemba tikukwera minibasi, mdzukulu wa anganga anabwera akuthamanga ndi kathumba ka nandolo wouma ndi makaka, kuti ndikapatse anyamata aja. Foni yawo idasiya kugwira chaka chatha, ndipo chomwe akudziwa n'chakuti ali cha ku Chamama. Kathumbako kali kwanga, ndakapachika kuti anankafumbwe asalowe. Ndapitako kale Loweruka limodzi osawapeza. Anzathu ophunzitsa mbali imeneyo, mukamva za anyamata awiri apachibale ochokera kufupi ndi Likhubula, mundiimbire.