Mmene ndinazulira zitsa m'munda wa bambo ku Santhe

Khasu la pulawo linathyoka tili pa mzere wachitatu. Ng'ombe zinali za malume, pulawo nayonso ya malume, ndiye mutha kuganiza nkhope imene ndinapita nayo kwawo madzulo ake. Chinathyola khasulo chinali chitsa cha malaina, chodulidwa chapansi kwambiri, chitabisala mu udzu.

Mundawu uli ku Santhe, m'boma la Kasungu, maekala awiri amene bambo ankalimapo fodya wa bale. Monga alimi ambiri a fodya kuno, iwo anadzala malaina ndi bulugamu kuti asamavutike mitengo ya zigafa. Atamwalira munda unagonera zaka zingapo, ndipo aliyense wofuna phaso kapena nkhuni ankangolowa n'kudula. Ine nditabwerera kumudzi ndinapeza zitsa 43. Wolima ndi khasu la manja amangozilambalala, koma ng'ombe sizidziwa kulambalala.

Chifukwa cha mkwiyo wa pulawo ija ndinayamba kukumba nthawi yomweyo, mu Okutobala. Nthaka inali gwa ngati simenti, piki ikungodumpha. Masiku atatu, chitsa chimodzi, manja matuza okhaokha. Malume anandipeza nditakhala pansi.

“Mphwanga, chitsa sazula dzuwa lili pamutu chonchi. Lima ndi manja chaka chino. Ukakolola, nthaka ikadali ndi chinyezi pansi, udzandiitane.”

Ndinamvera, ngakhale monyinyirika. Tinayamba mu Meyi, mapesi atangogwetsedwa.

Tsiku loyamba sitinakumbe n'komwe. Tinayendera munda wonse, tikuzika kamtengo pa chitsa chilichonse ndi kusankha zoti zichoke. Zinayi zinali m'malire ndi munda wa aneba, ndipo malume anandiletsa kuzikhudza. Chitsa cha m'malire ndi mboni. Ukachizula wekha, mawa nkhani ili kwa anyakwawa. Ziwiri zinali za nsangu, zitaphukira kale. Alangizi a zaulimi anali atatiuzapo pa msonkhano kuti nsangu imayoyola masamba nthawi ya mvula, motero siphimba chimanga, komanso masambawo amasanduka chonde. Ndinazitengulira, n'kusiya mphukira ziwiri zamphamvu pa chilichonse. Kuchotsaponso chimodzi chija cha mu Okutobala, zotsala 36 ndizo zinali nkhondo yathu.

Cholakwa changa cha mu Okutobala sichinali nyengo yokha. Ndinkakumba m'tsinde mwenimweni, pamene mizu ndi yonenepa ndi yopiringizana, pomwe nkhwangwa ilibe mpata woigwedezera. Malume anaponda phazi limodzi lalitali kuchoka pa chitsa, n'kujambula bwalo ndi chikwanje. Mumakumba ngalande motsatira bwalolo, kenako n'kumalowera m'kati. Dothi lakuda la pamwamba mumaunjika mbali ina, katondo wapansi mbali inanso, osasakaniza. Phindu lake mudzaliona pokwirira.

Muzu ukaonekera musathamangire kutema. Uchotseni dothi ndi kamtengo kapena ndi manja mpaka uyere, chifukwa nkhwangwa ikangomenya mchenga kawiri katatu yabuntha, ndipo mudzatha tsiku mukunola. Muzu uliwonse timautema pawiri, pafupi ndi chitsa ndi cha ku ngalande, n'kuchotsa chidutswa chapakaticho. Mukatema pamodzi pokha, mbali ziwirizo zimakanikizana ndipo chitsa sichisuntha, ngati simunateme kanthu.

Mizu ya m'mbali ikatha, chitsa chimayamba kugwedera ngati dzino, koma chimakhala chikadagwiridwa ndi mizu yolunjika pansi. Apa timakumba mbali imodzi mozama, n'kulowetsa mtengo wautali wa bulugamu pansi pa chitsa, chipika chili ngati mtsamiro. Anthu awiri amatsamira kumapeto kwa mtengowo, chitsa chimapendekeka, wachitatu n'kudula mizu yapansiyo ndi mgwala wakuthwa kapena nkhwangwa ya mpini waufupi. Wodulayo asalowetse dzanja kapena phazi pansi pa chitsa chopendekeka. Mtengo wotsamirawo unatipulumuka kamodzi, chitsa chinabwerera ndi mphamvu yoti chikanaphwanya chilichonse.

Zitsa zimene anazidula cha m'chiuno zinali zosavuta, chifukwa thunthu lotsalalo limakhala chogwirira. Tinkamanga tcheni kumtunda kwake, ng'ombe n'kukoka pang'onopang'ono, aliyense ataima kutali ndi mzere wa tchenicho. Zodulidwa chapansi, ngati chija chinathyola pulawo, zinatidyera nthawi kawiri. Ngati muli ndi mtengo umene mukufuna kudzazula chitsa chake, musaudule mofupikitsa poganiza kuti mukuchepetsa ntchito.

Malaina sanativute kwenikweni. Mtengo wake ndi wofewa, ndipo pa tsiku tinkatha ziwiri, nthawi zina zitatu. Bulugamu wamkulu ankatenga tsiku lathunthu. Koma panali chitsa chimodzi cha muwanga, chakale kuposa ine, chimene bambo anachilephera. Chiswe chinachikana, nkhwangwa inkangolira ngati yamenya chitsulo. Chimenecho tinachiotcha.

Moto umagwira pa chitsa chouma chokha. Chachiwisi chimangoda kunja basi. Tinachikumba mozungulira kuti mpweya uzilowa, tinaunjika nkhuni ndi zitsononkho, titayatsa tinavundikira ndi lata lakale n'kusiya mpata mbali imodzi. Tisanayatse tinalambula udzu ndi mapesi onse mozungulira, chifukwa inali Juni, mwera ukuwomba, ndipo munda wa aneba unali usanakololedwe wonse. Chinanyeka masiku anayi. Chimene sindinkadziwa n'choti moto umatsata mizu pansi pa nthaka. Tsiku lachisanu, phulusa likuoneka lozizira, ndinaponda pambali n'kutitimira mpaka m'kakolo mu dothi lotentha. Nsapato ya mphira inandipulumutsa. Kuyambira pamenepo ana sankaloledwa kufika kumeneko mpaka titathira madzi ndi kukwirira.

Pofika pakati pa Juni nthaka inayamba kuuma, ife tikadali ndi zitsa 15, choncho ndinalemba aganyu awiri. Tinagwirizana zolipira pa chitsa, osati pa tsiku, mtengo wake molingana ndi kukula. Mpaka apo ndinachita bwino. Kupusa kwanga kunali kulipira nditangoona maenje okwiriridwa. Patapita sabata ndinazindikira kuti zitsa zitatu anangozitema pansi pa nthaka n'kufotsera. Pamwamba posalala bwino, pansi msampha wa pulawo uli chikhalire. Tsopano ndimalipira ndikaona chitsa chili kunja ndi mizu yake, dzenje likadali pululu.

Kukwirira nakonso ndi ntchito, musakupeputse. Tizidutswa tonse ta mizu titoleni, kenako katondo ayambe kulowa, mukupondaponda, dothi lakuda pomaliza. Muunjike kakamtumbira pang'ono pamwamba chifukwa mvula ikagwa limatsika. Dzenje lokwiriridwa mwaulesi limasanduka chithaphwi, ndipo ng'ombe ikhoza kuthyokeramo mwendo.

Mulu wa zitsa utakula, panabwera anyamata ofuna kuugula kuti awotche makala. Ndinakana. Malamulo a zankhalango, amene anawakhwimitsa mu 2020, amafuna chiphaso kwa wowotcha makala, ndipo sindinafune kuti utsi wa uvuni wawo uzituluka m'munda mwanga. Zitsa zing'onozing'ono amayi a kunyumba anaphikira mpaka Khirisimasi. Zikuluzikulu, zosawazika, zinapita ku uvuni wa njerwa, kumene zimayaka usiku wonse osafuna kusonkhezera pafupipafupi.

Mvula yoyamba itagwa kumapeto kwa Novembala, tinalowetsanso ng'ombe. Ndinkayenda kutsogolo ndi mgwala, ndikubaya pansi paliponse pamene ndinkakayikira, ndipo tinapezadi mizu iwiri ya bulugamu imene inatsalira, tinaidula pomwepo. Mizere inatuluka yowongoka, motalikirana masentimita 75, kupatula pamene imakhotera nsangu ziwiri zija. Pamene panali muwanga chimanga chinakula chobiriwira kuposa pena ponse.

Zitsa zinayi za m'malire zikadalipo. Aneba akuti tidzakambirane akakolola, ndipo akhala akunena zimenezi kawiri tsopano. Khasu la pulawo ndinagula latsopano ku Kasungu, koma malume akuti lakale lija linali lolimba kuposa ili.