Mitengo yatsala kumanda kokha

Loweruka lapitali tinakaika azakhali anga kumudzi kwa Chulu. Dzuwa la Okutobala mukulidziwa kuno ku Kasungu, loti nkhuku zimangokhala kukamwa yasa, koma titangolowa kumanda ndi bokosi lija eee kamphepo kayaziyazi, mbalame zikulira m'mwamba, miwanga ndi misuku yomwe ndinaisiya ndili mwana idakalipo yonse, adzukulu akukumba pamthunzi. Kutuluka kunja kuno mbee, zitsa zokhazokha.

Pobwerera ndinawafunsa agogo aamuna kuti agogo, nanga kuno nkhwangwa siifikako bwanji? Akuti mdzukulu wanga, kumeneko kwagona anthu, ukadula sugona tulo, komanso amfumu akulipiritsa mbuzi. Mawu amenewa andisowetsa mtendere mpaka lero. Ndiye kuti mantha tili nawo, ulemu timaudziwa, koma tausungira akufa okha, mwana amene adzabadwe mawa n'kupeza dambo louma ife sitimuwerengera.

Sindikuloza chala munthu ayi. Fizi yanga yonse inachokera mu fodya, ndipo ndikudziwa milu ya nkhuni imene inkalowa mubalani chaka ndi chaka, osanenanso mitengo ya zigafa. Ineyo magetsi akathima ndimathamangira thumba la makala, ndipo wowotcha makala uja si mfiti, ali ndi ana ofuna nsima. Zimenezi ndiye zimandipweteka kwambiri, tonse tilimo.

Koma kutchalitchi bwanji tili duu? Mowa timalalikira, chigololo timalalikira, koma ine chibadwire sindinamvepo ulaliki wodzudzula kutentha tchire lonse chifukwa chofuna mbewa. Chonsecho pa Genesis 2:15 munthu anaikidwa m'munda kuti aulime komanso kuuyang'anira, ife tinangotolapo kulimako basi. Mu 2024 mvula itadula, boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, tinagwada kupempha mvula ndipo ndi bwino kutero, koma ine pogwadapo ndinkachita manyazi, ndi pakamwa pomwepo tinali kutsatsana mtengo wa makala.

Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala. Ndawapempha amfumu kamalo kogundana ndi manda, avomera, achimwene akuti afesa mbawa ndi msangu m'machubu kuseri kwa khola, ine ndizitumiza ya madzi othirira mpaka mvula igwe.