Bowa wopanda dzina m'nkhalango ya Liwonde

Mwezi wa Januwale, mvula itavumba masiku atatu, ndinaperekeza mlamu wanga, amene amaphunzira za bowa, ku nkhalango yotetezedwa ya Liwonde m'boma la Machinga. Tinatenga dengu, mpeni, mapepala ndi buku la Brian Morris la 1987 lofotokoza bowa wa m'Malawi, ndipo amene anatitsogolera anali mayi wina wogulitsa bowa m'mphepete mwa msewu wopita ku Zomba.

Ife maso anali pansi, koma mayiwo ankayang'ana mitengo. Akaona msuku kapena mombo ankapatuka, n'kufukula masamba ndi kamtengo, manyame achikasu n'kuonekera. Mlamu anandifotokozera kuti bowa wotere amalumikizana ndi mizu ya mitengo imeneyi, iye kupatsa mtengo madzi ndi mchere wa m'nthaka, mtengo kumupatsa chakudya, n'chifukwa chake pamene adulapo mitengo yootcha makala manyame samerapo. Pachulu anatisonyeza utale, mbale wake wa bowa wamkulu uja wa ku Zambia, Termitomyces titanicus, amene asayansi anamulemba m'mabuku mu 1980 pomwe anthu anali atamudya kuyambira kalekale.

Chimene chinandigwira mtima chinachitika pa chipika chofumbwa m'khwawa. Panali kabowa kofiirira, kaphesi kowonda ngati udzu, kunsi kwake kuli timabowo m'malo mwa mizere. Mlamu anagwada m'matope n'kutsegula buku tsamba ndi tsamba, koma sanakapezemo. Titafunsa mayi aja, anangoti, "Bambo, chimenecho n'chirombo, sitidya."

Yankho limeneli ndinalilingalira njira yonse. Mayi amene amasiyanitsa ndelema ndi bowa wakupha wofanana naye, ndipo bowa aliyense wa ndiwo amamutchula dzina lake, ena onse osadyedwa amawaphatikiza m'mawu amodzi. Ndikuganiza kuti bowa wambiri wosalembedwa wabisala m'mawu amenewo.

Mlamu anakajambula, n'kulemba mtundu, fungo, tsiku ndi mtengo umene kanamerapo. Madzulo anavundikira kachipewa kake papepala loyera ndi kapu, ndipo m'mawa panali ufa wotuwa, njere zake zimene amakaziona pa makina okuzira tinthu ting'onoting'ono. Kena kamene ine ndinasunga m'jumbo kanasungunuka usiku womwewo, ndipo ndinadzudzulidwa mokwanira. Kotsalako tinakaumitsa, n'kukaika mu envulopu kuti akakayerekeze ndi bowa wosungidwa ku National Herbarium, malo osungirako zitsanzo za zomera ku Zomba. Pa envulopuyo mlamu analemba nambala, koma mzere wa dzina anausiya wopanda kanthu.